Ukapitawo Unandilanda Anjira

Tsiku limene anandiitanira ku ofesi ya divishoni yathu pa esiteti ya tiyi n'kundiuza kuti kuyambira Lolemba ndidzakhala kapitawo, munthu woyamba kumuuza sanali mwamuna wanga. Ndinadutsa pakhomo panga penipeni, dengu likadali kumsana, n'kutsetsereka mpaka kunyumba za kampani zakumunsi kumene ankakhala anjira anga. Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Atamva nkhaniyo anaponya mpeni pansi n'kuimba nthungululu mpaka nkhuku za pakhomopo zinabalalika. Kenako anandigwira mapewa n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi.

"Inuyo anjira? Ukapitawo? Ndi kakamwa kanuko? Mayo ine, chaka chino tiyi yense apserera."

Tinaseka mpaka kugwirana. Sankanama ayi. Ine ndine munthu wa mtima wapachala, mawu amandituluka ndisanawayeze, ndipo kuyambira kale iwo ndi amene ankandiziziritsa.

Kwathu kuno chinjira si ubwenzi wongokumana pampopi. Mkazi amasankha mkazi mnzake amene si m'bale wake, amuna awo n'kudziwa, abale n'kudziwa, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake sulitchulanso, umangoti anjira. Ife tinasankhana tili ongokwatiwa kumene, tonse alendo pa esiteti, ine wochokera cha ku Chonde, iwo a kumalire kumene makolo awo ankayankhula Chilomwe chokhachokha m'nyumba. Ndinawapititsira chitenje, iwo anandibwezera nkhuku yathadzi. Nditachira mwana wanga woyamba, ndi iwo ankanditungira madzi ndi kundichapira. Mwana wawo atapsa ndi madzi otentha, ndi ine ndinathamanga naye kuchipatala. M'munda wa tiyi tinkathyola mizere yoyandikana, ndipo zimene sindikanauza ngakhale mayi anga ndinkaziuza iwo pamwamba pa masamba, manja akugwira ntchito.

Ndisanayambe ntchito yatsopanoyo anatisonkhanitsa ife akapitawo atsopano mu holo ya esiteti. Anabwera mayi wina wa ku Blantyre wovala nsapato zogogoda, ine mumtima n'kuti uyu tiyi amamudziwira m'kapu basi. Koma ndinachita manyazi ndekha, chifukwa zimene anakamba zinali zomveka. Anati kapitawo wongokalipa amapeza manja a anthu koma mitima yawo imatsala kunyumba. Anati munthu aliyense m'gulu ali ndi kanthu kamene amakatha kuposa anzake, ndipo ntchito yathu ndi kukafufuza kanthuko n'kukapatsa malo. Pomaliza anagogoda patebulo n'kunena kuti kukondera ndiko kumapha gulu. Zonsezi ndinazilandira ndi manja awiri. Sindinadziwe kuti kwa ine mfundo yofufuza luso ndi mfundo yosakondera zidzagundana pa munthu mmodzi.

Gulu limene anandipatsa linali lomwe lija ndinkathyolamo ine, amayi ambiri ndi abambo ochepa. Kapitawo amene ndinalowa m'malo mwake anali bambo wokonda kuima pachulu ndi ambulera n'kumaloza ndi ndodo. Mizere ya pamtsetse, kumene umathyola mwendo wina uli m'mwamba wina m'munsi, dengu likukukokera kumbuyo, ankaipereka kwa amene wamuyankha mwano. Choyamba chimene ndinachita ndi kuthetsa zimenezo. Ndinati pamtsetse tizipita mosinthana, ndipo tsiku loyamba ndinamanganso pulasitiki yanga m'chiuno n'kukathyola nawo komweko, kuti wina asati ndikulamula zimene ine sindingathe. Masana tikamapuma ndinkakhala nawo pansi n'kuwafunsa chimene chikuwavuta. Poyamba ankangoyang'anizana, poganiza kuti ndikufuna kukawanenera. Patapita masabata anayamba kumasuka, ndipo zina zimene ankadandaula zinali za ine ndemwe. Ndinazimeza, ngakhale zinkawawa.

Kenako ndinayamba kuyang'ana anthu mmodzimmodzi. Panali mayi wina wolongolola, amene tsiku lililonse pasikelo ankayambitsa mkangano poloza masamba okhwima m'madengu a anzake. Aliyense ankadana naye, inenso ndinali nditatukwanizanapo naye kangapo. Koma maso ake sankanama. Tiyi wabwino ndi masamba awiri anthete ndi kansonga kake, ndipo mayiyo ankatha kuona tsamba lokhwima ngakhale litabisala pansi pa dengu. Ndinamuuza kuti azifika pasikelo patsogolo pa tonse n'kumathandiza anzake kusankha masamba kalaliki asanawabweze. Kulongolola sanasiye, koma kunayamba kutipindulira. Panali bambo wina wachikulire wochedwa manja, amene ankamuseka kuti amathyola ngati akusaka nsabwe. Komatu mzere wake ukauyang'ana, pamwamba pa tiyi panali posalala see. Ndinamupatsa ndodo yoyezera kuti azikonza pamwamba pa minda imene yangophuka kumene atadulira, ndipo bamboyo anayamba kubwera kuntchito atameta ndevu. Mayi wina wachitsikana amene mwamuna wake anamuthawa ankangokhala duu tsiku lonse. Ndinamuika pakati pa amayi awiri okonda nthabwala, ndipo tsiku lina tinadzamva nyimbo ikuyambika pakati pa munda ndi mawu amene sitinawamvepo. Ena ndinalephera nawo, ndisaname. Panali bambo wina amene ndinamufufuza mpaka kutopa, ndipo chimene ankatha kuposa anzake chinali kugona pansi pa tiyi osaoneka.

Pakamwa panga ndi pamene panandivuta. Ndinadziphunzitsa kuti munthu akalakwa ndizimutengera kuseri kwa mitengo ya bulugamu, akachita bwino ndizinena pagulu. Nthawi zina ndinkaiwala n'kuzitembenuza. Zikatero anjira ankatsokomola ali mumzere mwawo, ine n'kudziwa kuti ndapyola muyeso.

Za anjira sindinafunike kufufuza. Ndinkadziwa kale kuti m'gulu lonse lija palibe amene ankawaposa. Sindikunena kuthyola kokha, ngakhale manja awo onse awiri ankayenda ngati akuomba ng'oma. Mphatso yawo inali anthu. Mvula ikayamba tiyi amaphuka mwamisala, ndipo esiteti imalemba antchito a sizoni, ogwira nyengo ya mvula yokha, ambiri oti sanagwirepo tsamba la tiyi. Munthu wotere masiku oyamba amang'amba nthambi, zala zimatupa, dengu silidzaza, ndipo ena amathawa sabata isanathe. Anjira ankaima kumbuyo kwa munthu wotero, n'kumugwira pamkono, n'kumamuyendetsa manja uku akumuseka mpaka nayenso aseke. Wosamva bwino Chichewa ankamuyankhula m'Chilomwe. Ndiponso tikapuma masana, iwo akangoti "tiyeni amayi" anthu ankadzuka, pomwe ine ndinkachita kubwereza mpaka mawu kusasa.

Choncho mvula yoyamba ya ukapitawo wanga ndinawapatsa anthu onse atsopano kuti aziwaphunzitsa. Ndinachita ndendende zimene anatiuza mu holo muja. Koma atsopano amayambira m'munda wa pachidikha, kufupi ndi msewu, ndiye kuti anjira sankapitanso pamtsetse. Sizinatenge nthawi. Pampopi nkhani inali yomweyo, pobwera kutchalitchi chimodzimodzi. Tsiku lina pasikelo mayi wolongolola uja, yemwe ndinamukweza ndekha, ananena mokweza osayang'ana munthu:

"Ife tinalakwitsa posankha anjira. Ena chinjira chawo chayamba kubala, msana sukuwawanso."

Ndinapsa mtima. Ndinaiwala bulugamu, ndinaiwala mayi wa ku Blantyre. Ndinamuuza pamaso pa onse kuti ngati amatha kuphunzitsa munthu osamuliritsa abwere ndimupatse atsopanowo lero lomwe. Ndinanena zambiri, ndipo zonse zinali zoona. Anjira anatsokomola, ine osamva. Nditamaliza, anthu ankayang'ana anjira, osati ine.

M'mawa mwake poitana mayina, anjira anabwera kutsogolo, anapinda maondo pang'ono n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji akapitawo. Ndimapempha mundibwezere kumzere. Atsopanowa apatseni ena."

Mawu akuti akapitawo ndinali nditawazolowera kuchokera kwa wina aliyense, koma kuchokera pakamwa pawo anandilasa. Sindikanakangana nawo pagulu. Ndinavomera, ndipo madzulo dzuwa lisanalowe ndinatsetsereka kwawo. Ndinawapeza akupeta nandolo.

"Anjira, zam'mawa zija n'chiyani?"

"Zam'mawa ziti?" anatero, maso ali m'lichero.

"Musandipusitse. Ine ndakhala akapitawo kwa inu liti?"

"Kuyambira Lolemba lija munandiuza nokha. Takhalani pansi kaye anjira. Anthu aja ayamba kukukhulupirirani. Mwawaona abambo aja akumeta ndevu? Mukufuna zonsezi zigwe chifukwa cha ine? Kumunda ndinu akapitawo, kuno ndinu anjira. Vuto lili pati?"

"Vuto ndi lakuti ntchito imene ija amaitha ndinu."

"Eya, ndikudziwa. Koma anthu akamayang'ana saona ntchito, amaona chitenje chija munandipatsa."

Ndinabwerera kwathu nditakwiya.

Anjira ankaganiza kuti munthu angathe kugawa pakamwa pake, mawu ena akumunda ena apakhomo. Koma pa esiteti munda ndi khomo n'zoyandikana kwambiri. Amene mwathyola naye masana ndi yemweyo mukupezana naye pampopi, ndipo zenera lake layang'ana pakhomo panu. Mbale ya ndiwo ikachoka kwa iwo kubwera kwa ine, anthu ankati akugula mzere wabwino. Ikachoka kwa ine kupita kwa iwo, ankati ndikudyetsa kazitape. Mbale zinasiya kuyenda. Kubwera kwathu anayamba kuchita kusankha nthawi, ndipo akabwera ankaodira n'kukhala pampando ngati mlendo, pomwe kale ankalowa mpaka kuchipinda n'kudzitapira mchere okha.

Chimene chinkandiwawa koposa chinali kumunda. Anadzisankhira mzere wakumapeto, kutali ndi ine. Anasiya kunena "tiyeni amayi". Kutsokomola kuja kunatha. Ndinkawaona akuchedwetsa manja dala kuti dengu lawo lisapose la wina aliyense, ndipo watsopano akamavutika pafupi nawo ankatembenuza nkhope n'kumayang'ana kuphiri. Gulu lathu linkatamandidwa. Abwana a divishoni ankabweretsa akapitawo ena kudzaona mmene timagwirira ntchito, ine n'kumawaonetsa mayi wa pasikelo, bambo wa ndodo, mayi woyambitsa nyimbo. Munthu woposa onsewo ankakhala ali kumapeto kwa munda atawerama, ngati palibe chimene akudziwa. Anthu a m'gulu lija anakula chifukwa cha ukapitawo wanga, koma anjira anachepa, ndipo anachepa chifukwa chondikonda. Zimenezi zinkandisowetsa mtendere, ndipo zinakhala choncho mvula zingapo.

Tsiku lina abwana a divishoni, bambo wofatsa amene ankayenda pa njinga yamoto, anandipeza kumunda n'kundiuza kuti ku divishoni ina cha ku Limbuli kukufunika kapitawo. Gulu lakumeneko linali litasokonekera, anthu ankangothawa. Anati popeza gulu langa likuyenda bwino, nditchule munthu mmodzi woti angathe. Dzina linali kale pamilomo, koma ndinalimeza. Ndinapempha kuti ndikaganize kaye.

Mwamuna wanga, amene ankagwira ntchito kufakitale, anaiona nkhaniyi mophweka. "Tchulani mayi wolongolola uja," anatero. "Mupumule phokoso, anjira anu atsale pafupi. Kapena mukufuna muzikamba ndi ine zonse zija mumakamba ndi iwo? Ine makutu anga sangathe." Ankaseka, koma ankanena zoona. Ndikatchula anjira ndiye kuti asamuka. Ku Limbuli si kunja kwa dziko, koma kwa mkazi wogwira ntchito Lolemba mpaka Loweruka, amene Lamulungu lake ndi la tchalitchi ndi kuchapa, n'kutali ndithu.

Ndinapita kukawafunsa eni ake. Anakana ndisanamalize n'komwe.

"Ayi anjira, musanditchule. Anthu adzati chiyani? Adzati zija tinkanena zija ndi izi."

"Anene. Atopa okha."

"Nanga ine ndikapita, inu mutsala ndi ndani?"

"Nanga panopa ndili ndi ndani?" ndinatero. "Mumakhala kumapeto kwa munda ngati mwaba nkhuku. Kwathu mumachita kuodira. Ndili nanu pati?"

Anatola kamtengo n'kumakanda pansi. Pamapeto pake anati, "Komabe ndimakuonani tsiku lililonse."

Mawu amenewo anatsala pang'ono kundigonjetsa. Inenso ndinkawaona tsiku lililonse, ndipo ngakhale kuwaona chapatali kunali kanthu. Koma ndinkaonanso zimene ankabisa, ndipo sindikanatha kuonerera munthu akudzipondereza chifukwa cha ine mpaka tonse tikalambe. Ndinawatchula. Abwana anadabwa. Anati mayi amene uja samuonapo chachilendo, ndi wachete, dengu lake n'lapakatikati. Ndinawapempha kuti abwere kumunda Lachinayi m'mawa, aime chapatali, asayankhule kanthu.

Sabata imeneyo tinali titalandira mayi wina watsopano wochokera kutsidya kwa malire, wamantha, Chichewa chake chapatalipatali. Lachinayi ndinamuika mzere woyandikana ndi wa anjira, ine n'kupita kumapeto ena a munda. Mayiyo ankakoka nthambi ndi dzanja lonse, zala zitayamba kale kutuluka magazi, misozi ili chuchuchu. Anjira anayang'ana kuphiri monga mwa masiku onse. Anathyola pang'ono, anayang'ananso kuphiri. Kenako ndinawaona akutula dengu pansi. Anadutsa pakati pa tiyi, anaima kumbuyo kwa mayiyo n'kumugwira pamkono. Sindinamve zimene ankanena, koma posakhalitsa mayi uja anaseka uku akupukuta misozi ndi phewa. Amayi ena anasiya mizere yawo kudzaonerera, anjira n'kuwabweza ndi mawu amodzi okha. Atadzutsa mutu anaona njinga yamoto itaima pansi pa bulugamu. Kenako anayang'ana ine. Pakati pathu panali munda wonse, koma ndinadziwa kuti azindikira.

Pasikelo anandidutsa pafupi n'kunena chapansipansi, "Mwanditchera msampha, akapitawo."

"Eya," ndinatero. "Ndipo mwakodwa."

Sanaseke.

Anasamuka pa thirakitala ya esiteti Loweruka lina kukuchita chiperoni. Ndinathandiza kumanga mphasa ndi kukweza mtondo. Zimene anthu ankanong'onezana ndinazimva, koma ulendo uwu ndinatseka pakamwa. Mayi wolongolola uja ndi amene anabwera ndi nthochi zoti ana adye panjira. Anthu ndi ovuta kuwamvetsa. Anjira atakwera pamwamba pa katundu anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanandithokoze, sanandidzudzule. Anangoti ndizithyola mpiru umene anadzala kuseri kwa nyumba, usangofota pachabe. Ndinabwerera kwathu n'kulira ngati kwagwa maliro, mwamuna wanga n'kumangozungulira panja osadziwa chochita.

Mbiri yawo sinachedwe kutifika. Gulu lothawidwa lija linakhazikika. Anthu a sizoni ankachita kupempha kuti awalembe kwa mayi wa ku Limbuli uja. Abwana omwe ankabweretsa alendo kwa ine anayamba kuwapititsa kumeneko, ndipo ine nsanje ndinalibe, ndinkanyada ngati ndawabala ndine. Mpaka lero mutandifunsa chinthu chabwino koposa chimene ndinachita pa ukapitawo wanga, ndidzatchula Lachinayi lija, ndipo sindikanasintha.

Poyamba tinkayenderana. Lamulungu lina ndinakwera minibasi pa Chitakale kukawaona. Anandilandira ngati mfumu, anapha nkhuku, anandiyalira mphasa yatsopano. Anali atanenepa pang'ono, mawu awo atabwerera mwakale, kuseka kwake komveka mpaka kumsewu. Ndinasangalala kuwaona choncho. Koma tili pakati pokamba pankabwera anthu, uyu akupempha kuti mawa achedwe mwana wadwala, uyu akudandaula za mzere. Anjira ankatuluka, kuwamvera, kubwerera, n'kufunsa kuti tinali pati. Ine ndinkakhala nditaiwala kale pamene tinali. Pobwerera anandipatsa chitenje cha ku Mozambiki chokongola kwambiri, choti munthu sungachivale popita kumpopi. Ndinachiika m'sutukesi.

Kenako mvula inayamba, tiyi anaphuka, aliyense ndi gulu lake. Tinatsala ndi foni. Ankaimba Lamulungu masana. Tikapatsana moni n'kufunsana za ana, ankati, "Anjira, tandiuzani, munthu wobwera mochedwa tsiku lililonse koma wa manja abwino mumatani naye?" Ine ndinkasangalala kufunsidwa, ndipo ndinkayankha mpaka mayunitsi kutha. Ndinkati sabata yamawa ndidzawauza kuti mwamuna wanga wayamba kuwonda ndipo chifuwa sichikumusiya. Koma nkhani zoterezi zimafuna munthu ali pafupi, manja akugwira kanthu, maso osayang'anizana. Pafoni sizinkatuluka. Anadzamva kuti akudwala atagonekedwa kale kuchipatala.

Mwamuna wanga anamwalira mvula ili pakati, nthawi imene tiyi sadikira munthu. Tinakamuika kumudzi kwawo kupitirira Chonde. Pamaliro otere mkazi woferedwa sakhala yekha. Pambali pake pamphasa pamakhala anjira ake, amene amamugwira akamagwa, kumutsogolera kokasamba, kumukakamiza kumwa phala. Uthenga unawafika tsiku lomwelo. Koma kuntchito chilolezo cha maliro chimatuluka msanga akakhala m'bale, ndipo chinjira si ubale umene ofesi imaudziwa. Gulu lawo linali lodzaza ndi atsopano, wowasiyira panalibe. Ine ndine kapitawo, zonsezi ndinkazidziwa bwino kuposa wina aliyense. Komabe munthu akamalowa m'nyumba ya siwa ndinkadzutsa mutu. Amene anakhala pambali panga ndi mayi wina wa kutchalitchi, munthu wabwino ndithu, amene ankandiitana kuti amake a uje chifukwa sankadziwa dzina la mwana wanga woyamba.

Anjira anafika tsiku lotsatira titaika kale, dzuwa litapendeka, ufa uli pamutu, matope mpaka m'maondo. Anayamba kulira akadali kumsewu. Anagwada pakhomo, anakwawa mpaka pamene ndinakhala n'kundikumbatira. Analira kwambiri, ndipo kulira kwawo kunali kwenikweni, pakuti mwamuna wanga anali alamu awo okondana nawo. Ine misozi inali itauma. Mayi wa kutchalitchi uja anasuntha kuti awapatse malo, koma anjira anati ayi akhale, iwo sakhalitsa, m'mawa ayenera kukaitana mayina.

Tinakhala pamphasa. Anandifunsa ngati ndadya, ndinati ndadya. Anandikonzera duku. Panali zambiri zoti ndinene, mmene anavutikira masiku omaliza, zimene anandiuza, mantha anga a nyumba ya zii imene ndinkabwererako. Ndinatsegula pakamwa, ine wosasowa chonena, koma sindinadziwe poyambira. Nkhani zake zinali zitatalika, zinkafunika kuyambira kumbuyo kwenikweni, ndipo iwo ankaponya maso pazenera kuyang'ana mitambo.

Azilamu anga sanafune kuti ndituluke, koma ndinaumirira kuwaperekeza mpaka pamsewu, ndipo amandidziwa, anandisiya. Tinayenda pang'onopang'ono m'kanjira ka pakati pa chimanga, iwo patsogolo ine pambuyo. Kenako anjira anatembenuka pang'ono n'kufunsa ngati kwathu nakonso masamba achuluka chaka chino. Ndinati achuluka, thirakitala ikulephera kututa. Anati kwawo msewu wakumunda wakumbika, masamba akumafika kufakitale atatentha. Ndinawalangiza kuti aziyezetsa msanga ulendo woyamba, ndiponso asamapanikize masamba m'matumba. Anati ayesa. Anandiuza za bambo wina wa m'gulu lawo wokonda kachasu, ine ndinawauza mmene ndinachitira ndi wanga. Tinakamba bwino, mosadodoma, monga anthu awiri odziwa ntchito yawo, ndipo tonse tinapepukidwa kuti tapeza chokamba.

Minibasi inabwera yodzaza, kondakitala akukuwa za Chitakale ndi Limbuli. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndilimbe mtima, adzaimba Lamulungu. Anakwera, anakhala kumbuyo atapanikizika, ndipo galimoto itanyamuka ndinawaona akupukuta galasi ndi chitenje kuti andione. Ndinaima pamsewu mpaka inakhota. Pobwerera m'chimanga muja m'pamene ndinalira, ndekhandekha, ndipo ulendo uwu sindinkalira mwamuna wanga.

Lamulungu anaimbadi. Anati malangizo a matumba aja athandiza.